Dzira Limene Ndinalandira ndi Manja Awiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili ku sekondale, pamene tinkakhala m'kachipinda kamodzi ka fulati ku Joubert Park. Bambo anga ankaphika m'nyumba ya azungu ku Fourways ndipo ankabwera Loweruka lokha. Zikwangwani zoti pano mpa azungu okha zinali zikuchotsedwa, ndipo ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti Joni watsopanoyo atilandira tonse.

Kusukulu zinali zina. Atsikana ankanditcha mNyasa. Mtsogoleri wawo, Thandeka, ankatseka mphuno ndikamatsegula kambale kanga, n'kufunsa ngati ndabweretsanso mbewa. Ndinkadyera ndekha kuseri kwa kalasi, ndipo chimene ndinkalakalaka chinali chimodzi: malo pabenchi yawo pansi pa mtengo wa jakaranda.

Chaka chimenecho parishi yathu inakonza chikondwerero choti mtundu uliwonse ubweretse zakudya zakwawo. Apwitikizi ankawotcha nkhuku ya tsabola, Amwenye ankakazinga masamusa, utsi uli tolotolo pabwalo la tchalitchi. Thandeka, amene anali pomwepo ndi anzake, atandikodola kuti ndiyende nawo, ndinaona ngati pemphero langa layankhidwa.

Kumapeto kwa mzere kunali tebulo la mayi wina wamfupi wa ku Philippines, amene ankagwira ntchito ya unamwino m'tauni. Pamalopo pankanunkhira adyo ndi viniga. Anali ndi matumbo a nkhuku owotcha pa timitengo, ndi nthochi zokulunga m'kachikopa ka ufa n'kukazinga ndi shuga. Ndinalawa nthochi imodzi, shugayo n'kundimata m'mano. Kenako Thandeka analoza dengu lovindikira ndi nsalu, mmene munali mazira a bakha otentha. Mayiwo anati amawatcha baluti.

"Mkatimo muli kabakha kakufa, nthenga zomwe," anandinong'oneza Thandeka. "Sisi, zonyansa! Gula limodzi, ulume, ulavulire patebulo pakepo. Lolemba ukhala nafe."

Ndinagula. Mayiwo atatambasula dzanja, thupi langa linachita zimene linaphunzira kwathu ndisanaganize n'komwe: ndinapinda maondo n'kulandira dziralo ndi manja awiri. Atsikana aja anafa nako kuseka.

"Taonani mNyasa akugwadira dzira," anatero mmodzi.

Mayiwo anandisonyeza kuboola kumutu kwa dziralo, kumwa kaye msuzi, kenako kuthira mchere ndi kaviniga. Msuziwo unali wofunda, wokoma ngati wa nkhuku yachikuda. Koma nditasenda chikhokhombe ndinaona kamutu ndi timitsempha. Ndinatsinzina n'kuluma.

"Khafula, wena, khafula," anayamba kuimba atsikana aja, kundiuza m'Chizulu kuti ndilavule.

Nditatsegula maso ndinaona kuti mayiwo amvetsa zonse ngakhale sankadziwa chinenerocho. Anasiya kumwetulira. Anakokera mbale ya nthochi kumbali, n'kutenga kansalu kopukutira, n'kuima nako chilili akudikira. Sanakalipe, sanadabwenso. Zinkaonekeratu kuti sikanali koyamba.

Kansalu kameneko ndi kamene kanandigwira. Bambo ankasimba kuti dona wawo nthawi ina anakhuthulira agalu nyama imene iwo anaphika tsiku lonse, alendo akuonerera, iwo ataima pakhomo la khitchini ndi kansalu paphewa. Ndipo kunyumba ankatiuza kuti chimene walandira ndi manja awiri sichibwereranso pansi. Ndinatafuna, tifupa tofewa tikuphwanyika m'kamwa, misozi ikulengeza, ndipo ndinameza. Chotsalacho ndinamalizanso.

"Sindinanene?" Thandeka anauza anzake. "Awa amadya chilichonse."

Anandisiya pomwepo. Mayi aja sanandithokoze, ndipo panalibe chothokozera. Anangopinda kansalu kaja n'kubwezera mbale ya nthochi pamalo pake.

Lolemba ndinapeza nditapatsidwa dzina latsopano, Dada, ndiko kuti bakha. Ankalira ngati abakha ndikamadutsa, mpaka tsiku limene ndinalemba mayeso omaliza. Pabenchi paja sindinakhalepo ngakhale kamodzi. Nditawafotokozera bambo Loweruka lotsatira ndikulira, anavula nsapato, kenako anangofunsa kuti, "Mchere unathira wokwanira?"

Ndinawakwiyira masiku angapo, poganiza kuti sakumvetsa kukula kwa zimene ndataya. Lero ndikuona kuti malo aja sanali aulere. Kuti mNyasa akhale pabenchi, panafunika kupezeka mlendo wina woposa iye woti alavuliridwe, ndipo mwezi wotsatira akanandipezera winanso. Baluti sindinamukonde, ndipo sindinamudyenso mpaka pano. Koma ndikakumbukira mayi aja akupinda kansalu kawo kali kouma, ndimadziwa kuti dzira lija linapita koyenera.