Diresi la Mwana, Miyezo ya Mayi

Kwa zaka makumi anayi, mayi telala a kumapeto kwa msewu sanalembepo muyezo wa munthu papepala. Ankangozunguliza tepi m'chiuno, n'kugwedeza mutu, basi manambala akhazikika. Mukabwera patatha zaka zitatu, ankakuuzani kuti mwanenepa musanakhale n'komwe pansi. Mutu umenewo ndi umene unaphunzitsa ana awo onse sukulu, ndipo ankaunyadira kuposa makina awo.

Khomo loyandikana nalo kunali telala wina, wamkulu kwa iwo ndi zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe anthu anamupatsa dzina loti Chimagalasi. Mizere yake inkakhota, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Koma ukalamba uli ndi tsankho loipa. Chimagalasi unangomulanda mano, mutu n'kumusiyira wonse: ankalonjera makasitomala ndi mayina a zidzukulu zawo. Mayi telala unawasiyira mano onse n'kuwalowa m'mutu. Sizasi ankaifuna ili m'manja. Munthu akafunsa funso, yankho linkafika wofunsayo atatuluka kale. Dokotala anati kuchedwa kuganiza n'kwa ukalamba, koma kusokera panjira yopita kunyumba n'kwina, adzabwerenso awapime. Sanabwerereko. Akamva kuseka kuseri kwa khoma, nsanje inkawaotcha pamtima.

Tsiku lina kasitomala wawo wakale anabwera ndi mwana wake, mtsikana wamtali, wofuna diresi la ukwati. Mayi telala anamuyeza, nagwedeza mutu, nadula nsalu yodula imene anabwera nayo, nasoka masiku asanu. Poyesa, diresi linakanirira m'mapewa.

Mayi a mkwatibwi analitambasula, naliyang'anitsitsa kwa nthawi. "Amayi," anatero motsitsa mawu, "miyezo iyi ndi yanga. Ndi mmene ndinalili pa ukwati wanga."

Mtsikana uja analira mokweza, ndipo Chimagalasi anasuzumira pakhomo. "Usalire, mwanangu. Mayi ako anagula nsalu yochuluka, ndinaiona ikulowa Lolemba. Ndiwonjezera m'mbali, lituluka bwino." Kenako anatembenukira kwa mnzake: "Achemwali, inu muzisoka, kuyeza muzindisiyira ine. Manja anu sindingawafike."

Ananena mwachifundo, ndipo chifundocho n'chimene chinapweteka kwambiri. Bwenzi atanyoza, munthu n'kupeza poyambira.

Mayi telala anaimirira pakhomo, akuona diresi lawo likulowa kwa wosoka mizere yokhota. Anafuna kumuitana ndi dzina lake lenileni, amumasulire zakukhosi zonse za zaka makumi atatu zimene anakhala moyandikana, anthu akumva. Anatsegula pakamwa, nadikira. Dzinalo silinabwere.