Mayi wa m'galimoto ya amjomba

Ndikukumbukira tsiku limene amjomba anga, Che Rajabu, anafika ku Nkopola ndi galimoto yawo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Che Rajabu ndi mlongo wawo wa amayi, ndipo ndi amene anatilera bambo atapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera. Galimotoyo inali yochokera ku Japan, yoyendapo kale, koma m'kati munkanunkhira ngati sopo watsopano. Fungolo linangokhala sabata imodzi. Kenaka munalowa la usipa, ndipo silinatulukemo mpaka lero.

Chimene chinasonkhanitsa anthu sichinali kuwala kwake ayi. Amjomba akangopotokola kiyi, kabelu kankalira, kenaka pansi pa chiwongolero pankamveka mawu a mayi wina, ofewa, aulemu. Ankanena mawu omwewo tsiku lililonse n'kukhala chete. Amayi anati ndi jini. Amakaniko a pa boma anati ndi Chijapani, koma atafunsidwa tanthauzo anayamba kuyang'ana matayala.

Ine ndinaona mpata, ndipo mpata sindinaulekererepo chibadwire.

"Ndikumva zimene akunenazi," ndinatero m'mawa wina.

"Chijapani wachimva kuti iwe?" anafunsa amjomba.

"Pa foni ya aphunzitsi. Akuti mwadzuka bwanji bwana, koma mwanayu sanadye mandasi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaima pa msika n'kundigulira awiri, otentha, mafuta akudontha papepala. Kuyambira pamenepo mayi uja anayamba kundikonda kwambiri. Tsiku lina ankati ndikhale mpando wakutsogolo. Tsiku lina ankati ndisatsuke galimoto, madzi a m'nyanja akumuzizira. Amjomba atadabwa kuti mawu ndi omwewo koma matanthauzo akusinthasintha, ndinawayankha mosaphethira kuti Chijapani chili ngati Chichewa, mtengo wa mango ndi mtengo wa chambo zimasiyana kamvekedwe kokha. Pa siteji madalaivala anandipatsa dzina loti Mjapani, ndipo amjomba ankauza aliyense wokwera, kuyambira pa boma mpaka pa Nkhudzi, kuti mphwawo ali ndi mutu wa zinenero.

Zinthu zinatembenuka Lachisanu lina amjomba atachokera ku mzikiti. Anakhala pakhonde, anavula nsapato, n'kuitana amayi.

"Achemwali, mutu ngati uwu usawolere pa Nkopola. Ku Lilongwe kuli munthu amene amatumiza ana kukaphunzira ku Japan. Ndigulitsa galimoto."

Amayi anakana. Anati ngati ndi Chijapani, ndichiphunzire konkuno, ndimalize kaye sukulu. Amjomba anawakumbutsa kuti Chiyao changa chinali chopindika mpaka ananditumiza kwa abale ku Makanjira miyezi itatu, ndipo ndinabwerako ndikutukwana mbuzi m'Chiyao. Chinenero, iwo anati, chimaphunziridwa kwa eni ake.

"Ku Makanjira kuli azakhali ake," anatero amayi. "Ku Japanko akadwala, phala amuphikira ndani?"

Anakangana sabata yathunthu. Masiku awiri oyamba ndinkayenda ngati ndakwera kale ndege. Tsiku lachitatu ndinayamba kuganiza bwinobwino. Galimotoyo ndiyo inkatidyetsa tonse, ndiyo inatengera mlongo wanga kuchipatala atadwala malungo, ndipo ine wa mutu wa zineneroyo sindinkadziwa liwu ngakhale limodzi. Kuulula kunali lamba, komanso kuchititsa manyazi munthu amene ananditamanda msewu wonse. Kukhala chete kunali kugulitsa galimoto chifukwa cha mandasi. Mandasiwo anayamba kundikakamira pakhosi, ngakhale sindinasiye kudya.

Loweruka m'mawa wogula anabwera, bambo wamtali wovala kofia yoyera. Anazungulira galimoto kawiri, akumenya matayala ndi phazi. Anauza amjomba kuti ailize amve injini. Kabelu kanalira, mayi uja ananena mawu ake.

"Ameneyu akuti chiyani?" anafunsa wogulayo.

"Mjapani, masulira," anatero amjomba.

Ndinayang'ana amayi ataima pakhomo, ndinayang'ana chingwe chimene amjomba ankamangira chambo cha okwera pagalasi lam'mbali. Choonadi chinafika palilime, koma chinapeza bodza lafika kale.

"Akuti chonde musandigulitse. Msewu wa ku Monkey Bay ndauzolowera. Mwanayu ndimuphunzitsa ndekha konkuno."

Kenaka wogula uja anaphulika nako kuseka mpaka kofia inagwa pamchenga. Sanali wogula konse. Anali mnzawo wa amjomba wosoka maukonde, woti ngakhale njinga yamoto sanayendetsepo. Amjomba, akupukuta misozi, anandiuza kuti miyezi iwiri m'mbuyomo ananyamula mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan, a Haruko, amene ankaphunzitsa pa sekondale ina chapafupi. Anawafunsa tanthauzo la mawuwo. Mayi wa m'galimoto ankangoti khadi mulibe. Khadi lolipirira pa zipata za misewu ya kwawo. Basi.

"Mandasi onse aja unadyera khadi," anatero amjomba. "Ndimafuna ndione ngati unganene zoona. Sunanene. Koma bodza lako lalero lasankha galimoto, silinasankhe ndege. N'chifukwa chake lamba akhale m'chiuno."

Amayi, amene sanauzidwe za sewerolo, sanalankhule ndi mlongo wawo masiku atatu.

Chilango changa chinali chakuti dzina la Mjapani ndiligwirire ntchito. Loweruka lililonse ankanditsitsa kwa a Haruko, ndipo tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, ndikulemba tizilembo topindikapindika ngati mbedza mpaka zala kuwawa. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ndikudziwako kalikonse. Ndinaima chilili, ndinawerama pang'ono, n'kuwauza ndi mawu a mayi uja kuti khadi mulibe. Anaseka mpaka anakhala pansi. Masiku amenewo ndimawasowa: fumbi la choko pamalaya, mango ogwa pakope, iwo akulakwitsa Chichewa ine ndikulakwitsa Chijapani, aliyense akuseka mnzake. Mawu awiri atatu amene ndinawaphunzitsa sanali oyenera kuuza ahedi, koma zimenezo anakazindikira okha.

Pano ndili Folomu 4. A Haruko anabwerera kwawo kalekale. Madalaivala a pa siteji amandibweretsera galimoto zawo kuti ndiwawerengere mabatani a wailesi, ndipo tsopano ndimawauza zoona, nthawi zambiri. Anzanga amandifunsa ngati si bwino kungopita ku Japan konko kusiyana n'kuvutika ndi kope ndi foni. Ndidzapita ndithu, ndikamaliza sukulu, popanda wina kugulitsa galimoto. Koma ndimawauza za azimayi awiri. A Haruko anakhala kuno zaka ziwiri, ndipo pochoka ankanenerera mtengo wa chambo m'Chiyao mpaka ogulitsa kugwira pakamwa. Mayi wa m'galimoto wakhala kuno zaka zisanu, pakati pa anthu olongolola Chichewa ndi Chiyao kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma sanaphunzire ngakhale zikomo. Amangonena zake, samva za wina. Ndikanakwera ndege nthawi ija, ndikanakhala ngati iyeyo.

Kupepesa sindinapepese, ndipo sindikuona chifukwa. Dzulo amjomba anapotokola kiyi, kabelu kanalira, ndipo anandiyang'ana cham'mbali.

"Akuti chiyani lero, Mjapani?"

"Akuti mandasi."

Anaima pa msika.