Uthenga Umene Sunafike kwa Amalume

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, chaka chimene wayilesi yathu ya pa Nsaru inagulitsidwa ife osadziwa. Ndinali mwana wamanyazi. Aphunzitsi akandiloza m'kalasi ndinkangoyang'ana pansi, ndipo zimene ndalephera kunena masana ndinkakazilemba m'kakope kanga kunyumba. Ndikamaliza ntchito zapakhomo ndinkakonda kukhala pafupi ndi wayilesi ya bambo, yakuda, yomangidwa ndi mphira kuti mabatire asamagwe.

Wayilesi ya pa Nsaru sinali yaikulu. Anaiyambitsa ndi alimi pamodzi ndi anthu a mipingo, m'kanyumba ka malata kuseri kwa chigayo, ndipo inkamveka ku Kabudula, ku Nambuma mpaka cha ku Namitete. Inkaulutsa za ulimi, makwaya ndi moni wa ana asukulu. Koma chimene anthu ankaitsegulira m'mawa uliwonse chinali mauthenga a maliro, ndipo wowerenga wake anali mmodzi yekha, a Mbewe.

A Mbewe sankathamanga powerenga. Ankayamba ndi kumuitana munthu ndi mfunda wake, ngati aima pakhomo pake. "A Phiri a ku Kabudula, ngati muli kudimba, tayambani mwakhala pansi. Kwanu kwagwa zovuta." Ankabwereza, kenako n'kupempha aliyense womudziwa munthuyo kuti asiye zimene akuchita akamuuze. Kale maliro akagwa, akuluakulu ankatuma anyamata pa njinga kukanena kwa abale akutali. Chiyambireni a Mbewe, mwambo umenewo unazilala. Anthu ankangoti, "Pitani nawo kwa a Mbewe," ndipo mitima inkakhala pansi.

Amayi anayamba kudwala nthawi yokolola. Pofika nyengo yotentha anali atagonekedwa kuchipatala cha mishoni ku Namitete, bambo ndi azakhali akusinthana kuwadikirira. Kunyumba mabatire a wayilesi anatha, ndipo palibe amene anaganiza zogula ena. Kwa milungu ingapo pakhomo pathu panali zii.

Amayi anali ndi mlongo wawo mmodzi yekha, amalume a Banda, amene ankayang'anira zigafa pa esiteti ya fodya kupitirira Nambuma. Foni yawo inagwera m'chitsime ndipo sanagulenso ina. Ankati alibe chibwenzi choti chiziwaimbira. Amalume ndiwo anali mwinimbumba wathu. Amayi anali pachitengwa, ndiye kuti ankakhala kumudzi kwa bambo, koma kwawo kunali ku Mpingu, ndipo amalume ndiwo anali ndi mawu pa iwo ndi pa ife ana. Ndi bambo ankalemekezana, koma sankasekera limodzi.

Tsiku limene amalume anabwera kudzazonda matenda, ine ndinali pakhonde la wodi. Potsanzika anauza bambo kuti, "Alamu, chikasintha chilichonse muwauze a Mbewe. Wayilesi yanga sichoka pamenepo, kotembenuzira kake kanachita kuuma." Kenako anandigwira paphewa. "Iwe Tiyamike, ndikalandira ndidzakutenga pa njinga tidzawaonenso limodzi mayi ako. Ukhale utachapa diresi."

Amayi anatisiya Lachiwiri masana. Abale a ku Mpingu anauzidwa pa foni. Za amalume, bambo anatuma mng'ono wawo, bambo aang'ono a Lemani, kuti athamangire ku wayilesi. Atabwerako ananena kuti a Mbewe sanawapeze. Anapeza kanyumba katapakidwa penti yatsopano, mkati muli mnyamata wa tayi amene analandira uthengawo n'kunena kuti autumiza ku Lilongwe, chifukwa ndiko akuulutsira tsopano. Mawu amenewo ndinawamva, ndipo ena onse anawamva, koma pabwalo panali kulira ndipo palibe amene anawasinkhasinkha.

M'mawa mwake ndinatenga wayilesi ndi mabatire atsopano amene bambo aang'ono anagula, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Bokosi la maliro ndinali nditaliona ndi maso anga, koma mtima unkakanabe. Ndinkafuna kumva a Mbewe akutchula dzina la amayi mwa ulemu wawo uja, mwina pamenepo ndikanavomera. M'malo mwake munkaimba nyimbo zovinira. Mtsikana wina ankaseka ndi mnzake, akusakaniza ndi Chingerezi, kenako kunabwera otsatsa mafuta odzola ndi matayala a galimoto. Ndinaganiza kuti ndaphonya malo. Ndinatembenuza uku ndi uku, koma malo anali omwewo. Dzuwa linakwera mpaka linandipeza pamene ndinakhala.

Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango. Mwana wamkazi salowa pakati pa azibambo pamaliro, ndipo ine ngakhale pa tsiku wamba sindikanatha. Ndinazungulira kangapo ndisanagwade chapatali. Bambo anandikodola.

"Bambo, sanawerenge."

"Chiyani?"

"Uthenga wa amalume. Mukungoimba nyimbo. A Mbewe mulibe."

Bambo aang'ono anatembenuka. "Ine ndinapita ndekha ndi miyendo yangayi. Kodi mwanayu akuti ndinathera pa bawo?"

"Awerenga masana," anatero bambo. Maso awo anali ofiira. "Pita kwa azimayi."

Masana sanawerenge. Ulendo uno ndinadzera kwa azakhali, amene anali kuseri kwa nyumba ndi azimayi ophika. Azakhali anaima n'kupukuta manja, ndipo ndinaona kuti akupita kukauza bambo kuti atume munthu. Pamenepo mayi Nachisale, oyandikana nafe, amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzationa amayi ali kuchipatala, analankhula.

"Ndamva ine kwathu m'mamawa. Awerenga bwinobwino, dzina ndi mudzi womwe. Mwanayu walira kwambiri, makutu atseka. Bwera kuno mwanawe, udyeko kanthu."

Mpaka lero sindikhulupirira kuti mayi Nachisale ananama mwa njiru. Ndimaganiza kuti anaona anthu atalemedwa, nafuna kutichotserako katundu mmodzi. Kwa iwo, uthenga wopita ku wayilesi unali wowerengedwa kale. Azakhali anakhalanso pansi. Njinga ya bambo aang'ono inatsamira pakhoma tsiku lonse.

Lachinayi kunatentha koopsa. Adzukulu okumba manda anali atafunsa kale kuti akumbe kuti, kuno kapena ku Mpingu, ndipo woyankha funso limenelo anali amalume. Aliyense wodutsa pa njinga kumsewu, mitu yonse inkatembenuka. Kenako manong'onong'o anayamba. Ena ankati amalume amva koma akwiya chifukwa bambo anachedwa kupita ndi amayi kuchipatala. Ena ankati chitengwa chija sanachivomere ndi mtima wonse. Fungo la mankhwala amene anawaza m'nyumba linayamba kugonja. Pomaliza mkulu wina wa ku Mpingu anagogoda pansi ndi ndodo yake.

"Ngati wamva n'kusankha kukhala, ife titani? Thupi silidikira. Ikani konkuno."

Tinaika amayi dzuwa litapendeka. Tsiku lotsatira tinameta, monga mwa mwambo.

Lamulungu ndinali pamjigo ndekha pamene ndinamva belu la njinga. Anali amalume, atavala malaya awo oyera. Pa handulo panalendewera nkhuku yomangidwa miyendo, ndipo kumbuyo anamangirira phava la nthochi.

"Mkazi wanga," anandiitana, monga ankandisekera nthawi zonse. "Diresi lija wachapa? Nkhukuyi ndi ya msuzi wa mayi ako, iwe udya mapazi okha."

Ndinali nditavula mpango kuti ndipange nkhata. Amalume anatsika pa njinga, akumwetulirabe, n'kundiyang'ana kumutu.

"Tsitsi wameteranji?"

Madzi ankasefukira mundowa. Amalume anayang'ana kumudzi, kumene misasa ya udzu ya pamaliro inali isanagwetsedwe, n'kusiya njinga. Inagwa chammbali, nkhuku n'kumakupiza mapiko m'fumbi.

Anapita kumanda asanalowe pakhomo pa aliyense. Atabwerako, bondo la buluku lili dothi lokhalokha, anakana mpando ndipo anakana madzi.

"Mwamuika mlongo wanga ngati munthu wopanda kwawo."

"Alamu, uthenga tinatumiza," anatero bambo.

"Ine ndamvera m'mawa uliwonse. Zimene ndamva ndi nyimbo za ana. Ndimati a Mbewe adwala, ndipo poti sindikumva kanthu ndiye kuti kuno kuli bwino."

Bambo aang'ono analumbira kuti uthengawo anakaupereka. Mayi Nachisale anali atalowa m'nyumba mwawo. Ndiye amalume anandifunafuna ndi maso, n'kundipeza kuseri kwa azakhali.

"Iwe sunama. Anatumizadi?"

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinkafuna kuteteza bambo, ndipo ndinkaganiza kuti choonadi chonse chiwateteza.

"Anatumiza, amalume. Koma sanawerenge. Ndinamvera ine, ndinawauza."

Amalume anatembenukira kwa bambo pang'onopang'ono. "Mwana anakuuzani. Njinga muli nazo pamudzi pano. Ku Nambuma si kunja kwa dziko."

Bambo anaweramitsa mutu wawo wometa, ndipo ine ndinalakalaka nthaka itandimeza. Madzulo ake m'kakope kanga ndinalembamo mzere umodzi wokha, wakuti ndalankhula ndipo ndapweteka bambo.

Amalume anakhala sabata imeneyo pamudzi, akugona kwa mkulu wa mpingo, kuti akambirane za ife ana. Lachisanu masana akuluakulu ali pakhonde, mchimwene wanga wamng'ono anatsegula wayilesi posewera. Munali mnyamata akuwerenga mauthenga mothamanga, nyimbo ikulira pansi pake. Anayamikira wina pa tsiku lake lobadwa, analengeza za mbuzi yosowa, kenako anatchula dzina la amayi. Anati a Banda a ku Nambuma afike msanga, mwambo woika maliro uchitika mawa. Asanapume n'komwe anayamba kutsatsa sopo.

"Mwamva?" anatero bambo aang'ono. "Si ndinanena ine kuti ndinapita?"

Amalume anadzuka, anatenga wayilesi m'manja mwa mwana uja mofatsa, n'kuizimitsa.

A Mbewe ndinadzawaona patapita miyezi, pamsika wa pa Nsaru. Nkhope yawo sindinkaidziwa. Ndinangomva mawu aja akuitanira anyezi, miyendo yanga n'kuima yokha. Anali munthu wamfupi, wa jekete yong'ambika pachigongono. Bambo anawapatsa moni n'kuwafotokozera zimene zinatigwera. A Mbewe anavula chipewa. Anati laisensi youlutsira mawu inatha, komiti inalephera kuikonzanso, ndipo munthu wina wa bizinesi wa mumzinda anatenga zonse, zipangizo ndi malo omwe amene wayilesiyo inkamvekera. Mwini watsopanoyo ankafuna achinyamata ndi otsatsa malonda. Mauthenga anawasiyira kanthawi kochepa kamodzi pa sabata, moti ena ankadikira mpaka sabata inayo.

"Ndinapempha m'mawa umodzi wokha," anatero a Mbewe. "Ndimafuna nditsanzike, ndiwauze anthu kuti ayambirenso kutuma ana pa njinga. Anati ndiwathawitsira omvera." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mayi ako anali a Nabanda, eti? Ndikanawaitana bwino amalume ako."

Zaka zambiri ndinakhala ndikufunafuna woti ndimuimbe mlandu. Ndinayamba ndi mayi Nachisale, kenako mnyamata wa tayi, kenako bambo, ndipo nthawi zina ine ndemwe chifukwa cha mawu anga apakhonde aja. Tsopano ndine mphunzitsi, ndili ndi ana anga, ndipo ndimaona kuti cholakwa chinayamba kale amayi asanadwale. Kunena maliro inali ntchito ya abale, ya miyendo yathu. Tinaipereka kwa a Mbewe chifukwa ankaigwira bwino kuposa ife, n'kuiwala kuti mpando umene ankakhalapo unali ndi eni ake, ndi mapepala ake otha ntchito, ndipo ukanatha kugulitsidwa popanda wotifunsa. Mawayilesi a m'dera lathu asintha eni kangapo chichokereni nthawi imeneyo. Ina imayamba ngati ya alimi, mawa ndi ya mapemphero, mkuja ndi ya nyimbo. Sindidana nawo. Koma ndikatumiza uthenga wa zovuta, kaya pa foni kaya pa chiyani, sindikhala pansi mpaka mwiniwake atandiyankha ndi pakamwa pake.

Bambo ndi amalume anapitiriza kupatsana moni mpaka bambo anamwalira, koma sanadyerenso mbale imodzi. Amalume akalamba tsopano, akukhala ku Mpingu, ndipo maso awo achita mdima. Ndikapita kukawaona timacheza za ana ndi za mvula. Ndikati nditsanzike, amandigwira dzanja n'kutsitsa mawu.

"Iwe unamuona. Ankaoneka bwanji?"

Ndimawauza kuti amayi anawaveka duku loyera la kumpingo, kuti nkhope inali yosalala, kuti ankaoneka ngati agona atatopa ndi kumunda. Amagwedeza mutu n'kundisiya dzanja. Ulendo wotsatira amafunsanso, ndipo ine ndimayankha ngati akufunsa koyamba.