Sopo Wofiira wa ku Lufita

Fungo la sopo wofiira landikumbutsa nkhani imene ndiyenera kulembera ana anga. M'masiku a chipani chimodzi, aphunzitsi aakulu ku Lufita analamula kuti mwana wamphere asiye sukulu. Ine ndinali ndi mphere m'manja. Sisitere wina wa ku Sipeni ankatisambitsa m'manja ana amphere, ife tikubwereza chilankhulo chake: "Me lavé, me lavo, me lavaré." Ndinkayesa kuti ndi pemphero lochiza, choncho kunyumba ndinkangolinena, sopo wofiira amene anatipatsa ndikumusunga. Mphere zinafika m'zigongono.

Amama anandikokera kwa sisitere. "Mwana uyu akupemphera, kweni sakuchira!"

"Mawuwo akuti ndinasamba, ndikusamba, ndidzasamba," anatero sisitere. "Iwe wasamba liti?"

Ndinasamba pomwepo, mphere zinayamba kutha, ndipo sukulu sindinasiye. Mpaka lero sindikhulupirira mawu amene manja sanachite. Tinalipo ine, amama, sisitere, ndi mng'ono wanga Tusekile, amene anangoseka.