Dzanja lamanzere la a Kaputeni

Chizindikiro choyamba chinali kapu ya tiyi. Munali mu Meyi, dzuwa la ku Doha litangoyamba kuluma, ndikuwaperekeza a Kaputeni kuntchito m'mawa. Kapu inawapulumuka m'dzanja lamanzere, tiyi n'kutayikira pampando wa galimoto. Analiyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, kenaka n'kuseka. Ine ndinapukuta mpando, ulendo n'kupitirira.

Dzina langa ndine Limbani, kwathu ndi ku Dedza, ndipo kuno ndinabwera pa kontirakiti ya udalaivala. A Kaputeni anali abwana anga, mzungu wa imvi, wokhala yekha m'nyumba yaikulu ku Nuaija. Kwawo anali msilikali wa pamadzi, koma ntchito yawo inali ya m'mwamba. Kuyambira ali mnyamata ankaulutsa helikopita kuchokera pa sitima zankhondo, n'kumatera pa kabwalo kogwedezeka pakati pa mafunde. Anakwera maudindo mpaka kulamulira gulu lonse la oulutsa ndege. Atapuma usilikali anakana kukhala pansi, n'kubwera kuno kudzaphunzitsa anyamata kuuluka pamwamba pa nyanja. Mkazi wawo anamwalira kale, mwana wawo mmodzi yekhayo anali kutali. Kutchalitchi sankapita, mpira sankaonera. Munthu ameneyu analibe china koma kuuluka basi.

Oulutsa ndege ali ndi khalidwe lawo lomwe ndinalidziwira m'galimoto momwemo. Amayezedwa m'thupi pafupipafupi, ndipo dokotala akapeza kanthu amawaletsa kuuluka. Ndiye kwa dokotala sanena zoona. Medikolo ikayandikira, a Kaputeni ankayamba kusala khofi ndi mchere. Tikafika pachipatala ankagona kaye kumpando wakumbuyo, eyakoni ikuwomba, akupuma pang'onopang'ono kuti bipi itsike. Potuluka ankamwetulira n'kunena kuti halasi, kutanthauza kuti zatheka. Ine sindinkadabwa nazo. Ifenso a makontirakiti ndi momwemo. Mutu ukamawawa timameza mapilitsi n'kukhala duu, poopa kuti abwana akamva zoti ndife odwala atigulira tikiti yobwerera kumudzi.

Mu Juni zinthu zinafika poipa. Mutu unkawapweteka kunkhongo, dzanja lija linkachita dzanzi, ndipo nthawi zina lilime linkalemera kwa kanthawi, mawu n'kumatuluka ngati a munthu woledzera. Zikadutsa ankati ndi kutopa. Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala, anakana. Ndinabwerezanso, anandikalipira kuti ine ndi wa chiwongolero, za thupi lawo ndizisiye. Zinandiwawa, koma wantchito ali ndi pofika.

Lachisanu lina ndinapita kukapemphera ku Abu Hamour, pakuti kuno tsiku lopuma ndi limenelo. Pobwera masana ndinawapeza ali thapsa pansi kukhitchini, kamwa litapotokera mbali imodzi, malovu akutsika. Maso ankandiona bwinobwino koma mawu osatuluka. Foni inali patebulo pompo. Pambuyo pake ndinamva kuti zinawayamba m'mawa ndisanachoke, iwo n'kukagona kuti mwina zidutsa ngati kale.

Ambulansi sinachedwe. Kuchipatala anawajambula m'mutu, ndipo dokotala anandiitana popeza panalibe wachibale. Anati ndi sitiroko, magazi anaundana n'kutseka mtsempha wa mu ubongo. “Alipo mankhwala osungunula,” anatero, “koma amagwira ntchito maola oyambirira okha. Mwachedwa.” Ndinakhala pabenchi. Madzi akatayika saoleka.

Masabata otsatirawo anali a kudikira. M'mawa manesi ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwayeza bipi, madokotala n'kudutsa pagulu akulankhula motsitsa. Chakudya chinali chaphalaphala chifukwa ankatsamwa. Munthu wolamulira mazana a asilikali ankadikira ine kuti ndiwapukute pakamwa, ndipo ndikamatero ankatsinzina ndi manyazi. Mwana wawo wamkazi anabwera, analira, anakhalako pang'ono n'kubwerera kuntchito yake. Sindimuda, nayenso ali ndi banja.

Kenaka inayamba fiziyo: kufinya kampira, kumanga mabatani, kuimirira atagwira chitsulo. Ankalimbikira mochititsa mantha, thukuta kamukamu, ndipo ine ndinkadziwa chimene ankathamangira. Mawu atangobwerera, funso lawo loyamba kwa dokotala linali loti adzauluka liti. Dokotala sanazungulire. “Kuyenda mudzayenda, kulankhula mudzalankhula. Kuuluka ndiye ayi.” A Kaputeni anatembenukira kukhoma. Anasiya kudya, kampira kaja anakaponya pansi pa bedi. Ndinayesa kuwapempherera, anandiuza kuti ndisataye nthawi. Kunena zoona, masiku amenewo ndinkaona kuti munthuyu wafa kale, changotsala ndi kumuika.

Tsiku lina nesi wa ku India, yemwe ankandiona pabenchi paja tsiku ndi tsiku, anandigwira mkono n'kundikulunga chopimira bipi. Anayang'ana nambala, n'kundiyang'ana ine. “Achimwene, inunso muli panjira yomweyi.” Ndinatsala pang'ono kumupempha kuti asauze munthu. Ndinayang'ana pabedi paja, n'kukumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ndinapita kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo palibe anandithamangitsa ntchito. A Kaputeni atamva anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandilozera pansi pa bedi kuti ndiwatolere kampira.

Anatuluka m'chipatala chakumapeto kwa chaka, akuyenda ndi ndodo, mwendo akuukoka. Dzanja lamanzere linapindika, silinatambasukenso. Ntchito yawo inatha, ndipo kuno wopanda ntchito sakhala, choncho ndinawalongedzera mayunifomu ndi mamendulo m'makatoni, n'kuwaperekeza kubwalo la ndege pa njinga ya olumala. Lero ali kwa mwana wawo. Amadya okha, amayenda pakhonde, amawerenga nyuzipepala. Madokotala amati anachira. Ine ndikuyendetsa basi ya hotela, ndipo pilitsi langa la bipi ndimamwa m'mawa uliwonse.

Abale anga a makontirakiti, dzanja likachita dzanzi, kamwa likapotoka, mawu akalemera, musakagone kuti zidutse. Thamangani kuchipatala ola lomwelo. A Kaputeni anabisa matenda kuti asataye ndege, n'kutaya ndege ndi dzanja lomwe.

Amandiimbira foni mwa apo ndi apo, ndipo moni asanathe amafunsa ngati ndamwa mankhwala. Za kuuluka sazitchula. Koma helikopita ikadutsa pamwamba panga tili pafoni, amasiya kulankhula. Ine ndimakweza foni m'mwamba mpaka phokoso litazilala.