Abambo Okana Kudumpha Mzere

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankaimba kwaya ndi namwino wa pa kachipatala kena ku Kawale. Ankafuna mtsikana wolandira odwala, wowayeza BP ndi kutentha kwa thupi, komanso wosunga mzere. Satifiketi yanga inali yoonda, koma pakamwa ndinali napo.

Adokotala a Nkhoma anandipatsa lamulo limodzi: "Wodandaula pachifuwa sadikira. Bwerani naye kwa ine." Vuto linali lakuti Kawale yense ankalidziwa lamuloli. Wachimfine, wotupa chala, ngakhale wodzachotsa ulusi pabala, akangondiona dzanja linkathamangira pachifuwa. Ine zinkandikwiyitsa, koma adokotala ayi. Ankamvetsera pachifuwapo ndi chipangizo chawo, kugwira pamkono, kenako n'kufunsa zimene munthu anadya dzulo. Akamva za nyemba ndi tsabola wa kambuzi ankati, "Mtima wanu ndi wosalakwa, mlandu uli ndi mphika." Munthu ankatuluka akuseka, mankhwala a chilungulira ali m'manja.

Lolemba lina m'nyengo yozizira benchi inadzaza. Kumapeto kunakhala abambo achikulire, mlonda wa ku Kanengo, jekete yomanga mpaka m'khosi. Mayi aliyense wamwana akafika, iwo ankasendera n'kumupatsa malo. Pomanga lamba wa BP pamkono pawo ndinaona thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira chonchija.

"Abambo, chikukuvutani n'chiyani?"

"Palibe, mwanangu. Kungolemera apa, ngati wina wandikhalira. Ayambe amayiwa, ine ndabwera mochedwa."

Ndinathamangira kwa adokotala, ndipo anatuluka n'kubwera pabenchipo. Ulendo uno za mphika sanafunse. Anafunsa ngati ululuwo ukufika kudzanja lamanzere ndi kunsagwada. Abambowo anavomera ndi mutu. Adokotala anawapatsa asipirini kuti atafune, nauza namwino kuti akonze okosijeni ndi makina oyezera mtima a ECG, ine ndiimbire ambulansi. Ndinachita mantha kwambiri.

Koma abambo aja anagwira benchi. "Sindingadumphe anzanga ine. Anthu andiona bwanji?"

Adokotala sanalimbane nawo. Anatembenukira kumzere n'kufunsa, "Amayi, abambo, mukuwalola?"

"Apite!" benchi yonse inakuwa, ndipo amene anakuwa kwambiri ndi mnyamata yemwe anali atagwira pachifuwa kuyambira m'mawa. Ndiye amene anakankha njinga ya odwala, chifuwa atachiiwala.

Kuchipatala chachikulu anati mtsempha wa mtima unali utatsekeka, koma abambowo anafika nthawi ikadalipo. Atachira anabwera kudzathokoza, akuyenda okha. Adokotala anawagwira dzanja nati, "Abambo, matendawa tawagwira, koma ulemuwu ukanakuphani." Tinaseka mpaka misozi, ine ndiye zenizeni.

Kuyambira tsiku limenelo, ofuula ndimawamva ndithu, koma maso anga amayambira kumapeto kwa benchi, kumene kumakhala anthu osafuna kuvutitsa.