Mawu Amene Ummy Anapita Nawo Kumunda

Ummy Amiri wa ku Chia analembetsa mayeso a Fomu 4 kachitatu ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ana atatu, ndi munda wa mpunga kudambo. Maphunziro ena onse ankakhoza. Chingerezi chokha ndicho chinkamutsekera njira ya ku koleji ya uphunzitsi, ndipo anali atalonjeza mwamuna wake, a Hassani, kuti akalepheranso ulendo uno, basi, za sukulu aziiwala.

Sikuti Chingerezi sankachidziwa. Alendo obwera kudzaona mbalame pa Chia ankacheza nawo bwinobwino. Chinkamugwetsa ndi Chingerezi cha m'mabuku, mawu ataliatali aja ouza munthu kuti ayerekeze zinthu ziwiri, apereke umboni, kapena alongosole gwero la vuto ndi zotsatira zake.

Ummy analimbana nawo mmene anaphunzirira ku madrasa ali mtsikana, ndiko kuloweza. Ankalemba mawu makumi awiri papepala n'kumawabwereza mokweza, akugwedeza mutu, mpaka atakhazikika. Pofika Januwale anali ndi mawu mazana asanu m'mutu, lililonse ndi tanthauzo lake.

Tsiku lina anapita kwa a Sailesi, mphunzitsi wopuma ntchito amene tsopano ankaweta mbuzi, ndipo anawalakatulira tsamba lathunthu osaphonya.

"Mwatha, mayi?" anafunsa a Sailesi. "Tsopano tengani liwu lachitatu lija, mundiuze nalo chifukwa chake mpunga wanu unagwa chaka chatha."

Ummy anangobwereza tanthauzo la liwulo monga analilowezera.

"Mwaona? Muli ndi makasu mazana asanu, onse ali kudenga. Palibe limene linalawako dothi."

"Ndiye nditani, aphunzitsi? Kwatsala miyezi isanu."

"Mawu atatu pa sabata. Koma muzipita nawo kumunda."

Anabwerera kwawo mtima uli zii, poti mawu atatu ankaoneka ngati chipongwe. Komabe anamvera. Inali nyengo yowokera. Ali chiweramire m'matope, ankatenga liwu limodzi n'kulipatsa ntchito. Lero ayerekeze mpunga wa Kilombero ndi wa Faya m'Chingerezi. Mawa apereke umboni woti mbande zowokera mothithikana sizibereka bwino. Liwu likakana kulowa m'chiganizo, ankakhala nalo mpaka kumapeto kwa mzere, n'kubwerera nalo mzere wina.

"Iwe Ummy, ukulalikira achule?" anatero Flossie, mwini munda woyandikana nawo.

"Ndikusanthula ulesi wako. Zotsatira zake udzaziona pokolola."

"Ukalephera usadzatinamizire ife kuti tinkakusokosa."

Loweruka lililonse ankalemba tsamba limodzi n'kupita nalo kwa a Sailesi. Loyamba linabwerako lofiira ndi inki ngati pophera mbuzi. Anachita manyazi, nalibisa m'thumba la mbewu. Koma la khumi linabwerako ndi zolakwa zinayi zokha, ndipo a Sailesi analiwerenga kawiri.

Tsiku la mayeso anakhala pakati pa ana amene anawaona akubadwa. Anati Bismillah chamumtima, natsegula pepala. Chimangirizo chinali cha ngozi za pamsewu, nkhani imene sanaikonzekere. Anaikabe cholembera papepala, ndipo mawu aja anayamba kubwera okha, lililonse pamalo pake, ngati anthu odziwa pokhala pawo pamsonkhano. Anamaliza nthawi isanakwane.

Zotsatira zitatuluka, Chingerezi anapeza 4. Anakhala pansi pomwepo pakhonde la sukulu, nati Alhamdulillah, misozi ili mbwembwembwe. Patapita miyezi, kalata ya ku koleji inafika.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, a Hassani sanapite kunyanja kukapha nsomba. Anasenza okha sutikesi mpaka kumsewu wa M5, ana atatu ali pambuyo. Minibasi itaima, kondakitala anaikoka mwaphuma kuti aiponye kumbuyo, pamwamba pa madengu a nsomba.

"Pang'onopang'ono, achimwene," anatero a Hassani. "Imeneyo ndi ya aphunzitsi."